Kala ya galimoto musamangosankhira pa foni, zomwe ndinaona pogula yanga

Anthu akafuna kuitanitsa galimoto mafunso ake amakhala omwewomwewo, injini ndi ya cc zingati, imamwa bwanji mafuta, duty itidya zingati, masipeya ake alipo ku Ndirande kapena mpaka tichite kutuma munthu ku Joni. Ukafunsa za kala munthu amangoti aaa bola iziyenda. Ine ndinadutsamo mu zimenezi ndipo galimoto yanga yaona kale mvula, fumbi ndi chiperoni cha mu Blantyre muno, nde ndati ndilembeko zomwe ndinaona mwina wina amene akupukusa mutu ndi zithunzi za magalimoto pa foni zimuthandiza. Kala imadya ndalama abale, kungoti sizituluka tsiku logula, zimatuluka pang'onopang'ono kutsogolo, ku car wash ndi kwa opopera penti ndiponso tsiku limene mudzafune kuigulitsa.

Ndiyambe ndi kumene ndimakhala chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndimakhala ku Machinjiri, ntchito ndimagwira ku Limbe. Tala amathera ku msewu waukulu, kuchoka pamenepo kukafika pakhomo ndi msewu wadothi, chilimwe fumbi lake lofiira lija, dzinja matope oti nsapato imatsalira momwemo. Nyumba ndi ya lendi, garaja kulibe, galimoto imagona panja mu mpanda ndipo malo okhawo amene imakwana ndi pansi pa mtengo wa mango. Galimoto imene ndimafuna inali Toyota Corolla Axio, za ku Japan zija timati zatsopano ife ngakhale wina anayendapo kale. Amene muli ndi mphamvu zokagula ya zero km mu showroom zimene ndikunenazi zikukukhudzaninso, mwinanso kwambiri poti inu amakupatsani katalogi kuti muloze nokha.

Chinthu choyamba chimene chinandidabwitsa ndikamayang'ana pa BE FORWARD ndi SBT n'chakuti galimoto imodzimodzi, chaka chimodzi, mileage yosasiyana kwenikweni, mitengo imasiyana. Yoyera yonyezimira imene amati pearl ndi yakuda zimakhala pamwambako chifukwa ndi zimene anthu amalimbirana ku auction ku Japan komweko, pamene zija za kala yachilendo, yobiriwira, yagolide, pinki uja wa ma Passo ndi ma Mira, nthawi zambiri zimatsikako. A MRA alibe nazo ntchito za kala, iwo amayang'ana mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake, nde munthu umakopeka kuti bwanji ndingotenga yotchipayi. Gwirani kaye mtima, ndifikako.

Kunyumba kunali msonkhano wosatha. Ine mtima wanga unali pa yakuda, sindibisa, galimoto yakuda ikangotsukidwa kumene imaoneka ya bwana ndithu olo ikhale Vitz. Mayi akunyumba amafuna yofiira, yofiira yeniyeni osati maruni. Alamu anga, achimwene awo a madamu, amene akhala ndi magalimoto kuyambira kalekale anangoti alamu gulani yoyera mugone tulo. Ana amafuna yabuluu pa zifukwa zimene aliyense wa mu Blantyre akuzidziwa.

Yakuda inagwa chifukwa cha aneba. Ali ndi Mark X yakuda bii, ndipo ndinayamba kuiyang'anitsitsa m'mawa uliwonse ngati wapolisi. Mnyamata wawo amaitsuka kusanache, imawala mpaka umadziona nkhope pa chitseko, koma miyezi ya August mpaka October isanafike n'komwe pa tala imakhala itavala kale fumbi pa boneti ndi kumbuyo konse, madzulo pobwera ndiye osanena. Ana a mu line mwathu akangoipeza itaima amalembapo ndi chala kuti nditsukeni, ndipo chimene anthu sadziwa n'chakuti chala chija chikukhuta mchenga pa penti, mawu aja amatsala ndithu olo mutsuke. Tsiku lina masana dzuwa lili pamutu ndinaima nawo pafupi tikucheza, ndinaona boneti yonse ili ndi timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude, tosaoneka pa mthunzi koma padzuwa tonse poyera. Anandiuza okha kuti ndi ma car wash, nsanza imene mnyamata wapukutira matayala ndi yomweyo akupukutira pamwamba, madzi ake a mu chidebe chimodzi kuyambira m'mawa. Timizere timeneti pa galimoto iliyonse timakhalapo, koma yakuda ndi imene imaulula. Onjezanipo madzi a pa chitsime kapena pa mjigo amene timatsukira mipopi ikauma, akaumira padzuwa amasiya timadontho toyera, pa yakuda timachita kuwerengeka.

Kenako kutentha. Kwathu ndi ku Ngabu, ndipo amene munatsikapo ku Chikwawa mu October mukudziwa mmene mpweya umasinthira mukangotsetsereka mapiri aja kulowera ku Thabwa, pofika pa mlatho wa Shire ndiye kuti malaya amata pa mpando. Ena amati za kala ndi kutentha ndi nkhambakamwa chabe koma ayi. Ku America a Lawrence Berkeley National Laboratory anayesapo mu 2011, anaimika ma Honda Civic awiri padzuwa, ina yakuda ina yasiliva, denga la yakuda linatentha kuposa linzake ndi madigiri ofika 25, ndipo mpweya wa mkati unasiyana ndi madigiri 5 mpaka 6. Madigiri 5 ku Nchalo si masewera. Ndiye kuti AC izigwira ntchito yambiri, ndipo AC imamwa mafuta, mafuta omwewa timagonera pa mzere akasowa. Koma ndinenenso chilungamo, kutentha kwambiri kumalowera pa magalasi, nde galimoto yoyera yokhala ndi dashboard yakuda ndi mipando yakuda yachikopa idzakuwotchanibe. Posankha muziyang'ananso mkati, mipando ya nsalu yotuwirako ndi kachotchinga dzuwa ka pa windscreen zimathandiza kuposa mmene anthu amaganizira.

Nde ndinatsala pang'ono kumvera alamu kuti yoyera basi. Ndipo mfundo zawo zinali zomveka. Yoyera siwonetsa fumbi msanga, siwonetsa timizere, imazizirako, ndipo pogulitsa sukhala nayo nthawi. Padziko lonse yoyera ndi imene yakhala ikutsogola pa magalimoto atsopano kuyambira cha mu 2011. Mvula ikayamba ndi pamene imavutako, matope athu ofiira aja akamata mmunsi mwa zitseko n'kuwasiya masiku amasiya chikasu chovuta kuchotsa, komabe zimenezo ndi za sopo. Chinanso choseketsa, ngati mukugula Sienta kapena Probox yoyera konzekani kuimitsidwa ndi anthu pa siteji iliyonse kuyambira pa Kameza mpaka mu town, ena amachita kutsegula chitseko pa ma robot kufunsa kuti ya ku Chileka eti, nambala yofiira kapena yachikasu sayang'ana n'komwe.

Chimene chinandibweza pa yoyera ndi chimene chinawachitikira alamu omwewo ndisanalipire galimoto yanga, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwino. Allion yawo inakhulidwa ndi minibasi mu Limbe, chitseko chakumbuyo chinalowa mkati pang'ono ndipo penti inachoka. Anapita nayo kwa panel beater wina wapafupi amene anawauza kuti yoyera ndi yoyera bwana, mawa mudzatenge. Anawongola bwinobwino, anapopera, madzulo pokatenga inkaoneka boo. Kutacha ataiimika padzuwa chitseko chija chinali choyera mbee chokhachokha pamene galimoto yonse ili ndi kuyera kwa kirimu konyezimira, munthu ali kutsidya la msewu amatha kuloza kuti apa panagundidwa. Anakwiya koma ndalama inali itapita.

Ndinawaperekeza kwa mdala wina amene wakhala akupopera magalimoto zaka zambiri cha ku Ndirande, ndipo zimene anatiuza ndi zimene zinanditsegula mutu. Asanayankhule chilichonse anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kuwerama kuyang'ana kachipepala kamene kamamatidwa pa mzati wa chitseko, pamagalimoto ena kamakhala kachitsulo mu boneti kumbuyo kwa injini. Pa Toyota pamalembedwa C/TR kenako manambala atatu oyambirira ndi a penti. Pa ya alamu panali 070.

Anati, "Bwana, iyi si yoyera wamba ayi, iyi ndi pearl. Mnzathu uja anakuikirani 040, ija ya ma Hilux. Zonse n'zoyera koma si pachibale."

Alamu anati nanga simungangopopera pamwamba pakepo madala?

"Ndipopera, koma chitseko chokha sichitheka. Ndilowe pang'ono pa chitseko chakutsogolo ndi pa fenda yakumbuyo kuti diso lisaone pamene ndayambira. Ndipo mundipatse masiku, musandithamangitse."

Anatifotokozera kuti penti ya galimoto imakhala m'magawo. Pansi pali primer, kenako kala yeniyeniyo, pamwamba clear imene imawalitsa ndi kuteteza ku dzuwa. Yoyera wamba ngati 040 ilibe zonyezimira mkati, nde wopopera aliyense wodziwa ntchito amaigwira mosavuta ndipo ndi yotchipa. Metallic ngati siliva ili ndi tizidutswa ta aluminiyamu mkati. Pearl ngati 070 imapoperedwa katatu, koyamba yoyera, kachiwiri kagawo kopyapyala ka pearl kamene kamanyezimira, kachitatu clear, ndipo kagawo kapakati kaja ukachulutsa pang'ono pokha chitseko chimada, ukachepetsa chimayera, nde zimadalira dzanja la munthu. N'chifukwa chake mtengo wake umakwera, penti yambiri, nthawi yambiri, malo opopera ambiri. Ndipo penti zimenezi zimachokera kunja, zimayendera dola. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 mitengo ya penti ndi clear inakwera nthawi yomweyo, amene anakonzetsa galimoto chaka chimenecho isanagwe asamakuuzeni mtengo, wawo unatha ntchito.

Nditabwerera pa foni ndinapeza kuti ma Axio oyera ambiri amene ndimawasirira anali pearl. Pa chithunzi sungasiyanitse. Pena amalemba kuti Pearl, pena amangoti White basi. Kuchokera tsiku limenelo galimoto iliyonse imene ndaikonda ndimayang'ana kaye chithunzi cha kachitsulo ka chassis number kaja, ambiri amachiika pa zithunzi zomalizira, ndipo ngati palibe ndimawalembera pa WhatsApp kuti nditumizireni colour code. Si Toyota yokha, Nissan nayo ili ndi zake monga QAB ya pearl ndi K23 yasiliva, Honda zoyera, zakuda ndi zasiliva zambiri zimayamba ndi NH. Code imeneyi muilembe penapake, tsiku la ngozi idzakuthandizani.

Yofiira ya madamu ndiye tinakambirana mpaka usiku. Yofiira ndi yokongola, palibe angatsutse, makamaka ija ya Mazda imene amati Soul Red imene mumaiona pa ma Demio ndi ma CX-5, ikamadutsa pa Chipembere Highway dzuwa likulowa munthu umatembenuka. Koma mdala uja nditamufunsa za imeneyo anangoseka n'kunena kuti imeneyo olo ine ndimayamba ndapemphera, nayonso ndi ya magawo atatu ndipo kuti igwirizane ndi yakale ndi ntchito. Komanso tayang'anani magalimoto ofiira akale amene akuyenda mu town, ambiri denga ndi boneti zinafwifwa, ena clear inayamba kusupuka ngati yapsa. Penti za masiku ano zimapirira kuposa zakale koma galimoto yogona panja ndi kuswera panja pa dzuwa lathuli, yofiira ndi yabuluu wakuda zimaonetsa kutopa msanga kuposa yoyera ndi siliva.

Ndipo pali nkhani ina imene a ku Japan sangakuuzeni. Kuno kala ili ndi eni ake. Yofiira ndi ya Bullets, yabuluu ndi ya Noma, tsiku la derby pa Kamuzu Stadium ukadutsa pa Chichiri nthawi yolakwika ndi kala yolakwika anyamata amakumenyera boneti, mwina mokondwa mwina ayi kutengera zigoli. Nthawi ya kampeni ndiye zimakula, yabuluu anthu amati ndi DPP, yachikasu UDF, ya orange PP, yofiira UTM, iwe ukungopita ku msika kukagula tomato. Sindikunena kuti muziopa, anthu ambiri akuyenda nazo bwinobwino, koma ine ndimayenda mu Ndirande ndi mu Bangwe pafupipafupi pa ntchito ndipo sindimafuna galimoto yondiyankhulira zinthu zimene sindinanene. Chinanso, Blantyre ndi yaying'ono. Ukakhala ndi galimoto ya kala yakeyake aliyense amadziwa kumene uli, uzingomva kuti dzulo tinakuonani pa Kamba, pamene iwe unangoima kugula kanyenya. Madamu atamva mfundo imeneyi anati ndiye bola yofiira yomweyo kuti ndizikudziwani mayendedwe. Tinaseka koma pamapeto anavomera kuti galimoto yogona pansi pa mango isakhale yofiira.

Tinagwirizana siliva, code 1F7. Si kala yoti munthu angakuyamikire nayo, palibe anandiuzapo kuti koma ndiye mwasankha bwino, ndipo ukaimika pa Chichiri Mall pobwera umayenera kuwerenga nambala chifukwa ma Axio ndi ma Fielder asiliva amakhala ndondondo. Koma pa msewu wa kwathu ndi imene imapirira. Fumbi likagwera silioneka msanga, sabata imatha osatsuka koma ukafika ku ofesi anthu osadziwa, matope akauma amangooneka mmunsi, timizere ta ku car wash tilipo ndikayang'anitsitsa koma sitikuwa.

Mfundo ina imene inandikokera ku siliva ndinaitola kwa anyamata ogulitsa masipeya a second hand. Pitani mukaone mulu wa mabampa, zitseko, ma fenda ndi magalasi a m'mbali amene amabwera kuchokera ku magalimoto ophwasulidwa, ambiri ndi oyera, asiliva ndi akuda chifukwa ndi amene ali ambiri ku Japan. Ukathyola bampa ya siliva mwayi ulipo woti upeza ina ya code yomweyo, kungomanga basi osapopera. Mnzanga wa ku ntchito ali ndi Passo ya kala ina yake yapakati pa pinki ndi papo imene anaigula chifukwa inali yotchipa, galasi la m'mbali litathyoledwa ndi kabaza anapeza loyera lokha, mpaka lero akuyenda nalo choncho khutu limodzi loyera. Ndalama imene anapulumutsa pogula ija idzabwerera pogulitsa, chifukwa ogula akabwera amayamba ndi kunena kuti kala yake ndi imene yandifoola, tsitsaniko.

Ndisanatumize ndalama ndinachita chinthu chimodzi chimene ndikulimbikitsa aliyense. Zithunzi za pa intaneti zimanama, zina amajambula kuli mitambo, zina pansi pa magetsi, ndipo foni iliyonse imaonetsa kala mosiyana, siliva wina amaoneka wabuluwira, gray wina amaoneka wakuda. Nde ndinazungulira m'malo ogulitsira magalimoto a m'mbali mwa msewu kuyambira ku Ginnery Corner mpaka ku Limbe kufunafuna Toyota iliyonse ya code imeneyo, ndinaiona masana dzuwa lili phwee ndiponso madzulo. Anyamata ogulitsa savuta, ukawauza kuti ndikungofuna ndione kala amakutsegulira chitseko okha poganiza kuti mwina ugula. Komanso ngati pali auction sheet, pepala la ku auction lofotokoza mmene galimoto ilili, muiwerenge, pa chithunzi cha galimoto chimene chimakhala pa pepalapo A ndi pokalika, U ndi pobonyoka, W ndi pamene anakonzapo n'kupopera, XX ndi chitsulo chimene anasintha, ndipo nambala ikamakwera ndiye kuti vutolo ndi lalikulu. Galimoto yokhala ndi ma W ambiri ndiye kuti penti yake si ya ku fakitale yonse, ndipo malo opoperedwawo amakalamba mosiyana ndi ena.

Itafika kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, inali yakuda ndi fumbi la ulendo wonse uja moti sungaone kanthu. Musasainire kapena kusangalala isanatsukidwe. Ndinaitsukitsa kaye, kuiimika padzuwa, n'kuyenda mozungulira ndikuyang'ana cham'mbali osati mwachindunji, chifukwa chitseko chopoperedwa chimaonekera ukachiyang'ana mopendeka. Ndinayang'ananso mphira za m'magalasi ngati pali penti yodonthera, ndipo kamaginito kakang'ono kokulunga mu nsalu kamathandiza, pamene pali filler yambiri, phala lija amamata pobonyoka asanapopere, sikagwira bwino, kungoti pa bampa sikagwira ntchito poti ndi pulasitiki. Yanga inali bwino kupatula timikwingwirima ta pa bampa timene ndinationa kale pa zithunzi.

Tsono siliva naye ali ndi zake, ndisakunamizeni kuti ndi mngelo. Choyamba ndi chiperoni. June ndi July mukamapita ku Thyolo kapena ku Mulanje m'mawa, pa Bvumbwe paja nkhungu imatseka moti galimoto yasiliva kapena ya gray imasowa, imafanana ndi msewu ndi mtambo womwe. Ku Australia a Monash University anachita kafukufuku mu 2007 ndipo anapeza kuti masana magalimoto akuda amachita ngozi kwambiri ndi pafupifupi 12% poyerekeza ndi oyera, a gray ndi asiliva anali pafupi pomwepo kumbuyo kwake. Nde pa nkhani yooneka pamsewu yoyera ndi imene imawina, alamu apa anali ndi mfundo. Ine ndinangozolowera kuyatsa magetsi kukangochita mdima pang'ono, mvula kapena nkhungu, olo anthu azindiphethirira kuti mwaiwala magetsi.

Chachiwiri, metallic nayo si yophweka kukonza ngati yoyera wamba. Wa kabaza wina anandikhula fenda yakutsogolo pa Limbe market ndi chitsulo cha katundu wake n'kuthawa, mpaka primer kuoneka. Ndinapita kwa mdala uja. Anachotsa kachitseko ka pothirira mafuta n'kupita nako kwa osakaniza penti, anati code yokha siikwana chifukwa galimoto imene yakhala padzuwa zaka kala yake inasuntha pang'ono, nde amasakaniza akuyerekeza ndi kachitsekoko. Atabwera nayo sanathamangire pa galimoto, anapopera kaye pa kachitsulo kena, kudikira kuti kaume, n'kukagunditsa pa chitseko panja padzuwa, kukatembenuza uku ndi uku. Koyamba kanali kakuda pang'ono, anasintha mphepo ya gun yopopera ndi kutalikira kwa dzanja, anati tizidutswa ta aluminiyamu tija tikagona mosiyana kala imasintha olo penti ikhale yomweyo. Kachiwiri kanagwirizana. Anapopera fenda n'kulowa pang'ono pa chitseko, lero olo ine ndimayenera kukumbukira kuti inali mbali iti. Wopopera amene sakuyesa kaye pa kachitsulo, kapena akupopera panja pa fumbi mphepo ikuwomba, tengani galimoto yanu muzipita.

Za mtengo wa mango zija, kala iliyonse imavutika nazo. Zitosi za mbalame ndi za mileme, utomoni, maluwa a jacaranda amene amagwa mu October akanyowa n'kumata pa denga, zonsezi zikakhala padzuwa zimadya clear n'kusiya chipsera chimene sopo sachotsa. Ndimasunga botolo la madzi ndi kansalu kofewa mu buti, ndikaona chitosi ndimanyowetsa kaye n'kuchotsa osakhula. Ku car wash ndimapita ndi nsalu zanga ziwiri, ya pamwamba ndi ya matayala, anyamata poyamba amandiona ngati wovuta koma pano anazolowera. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi wotsukira mbale musalole, amachotsa polish yense. Ndipo cover ija anthu amaikonda, mukaivundikira pa galimoto yafumbi mphepo n'kumaigwedeza usiku wonse ndiye kuti mukuikhula nokha.

Tibwerere kwa aja amati ndigula yotchipa ya kala iliyonse ndidzangoipopera ikafika. Werengerani kaye. Kupopera galimoto yonse bwinobwino kumafuna kuchotsa mabampa, magetsi, mphira ndi zogwirira zitseko, kupala, primer, penti, clear, ndipo ngati mukusintha kala ndiye kuti mkati mwa zitseko, mu buti ndi mu boneti namonso muyenera kulowa, apo ayi mukangotsegula chitseko kala yakale imakupatsani moni. Ndalama yake imaposa imene munapulumutsa, ndipo penti ya pa garaja olo ikhale yabwino bwanji siifika pa ya ku fakitale imene amaiwotcha pa moto waukulu galimoto isanamangidwe. Wogula aliyense wochenjera akaona kuti code ikunena zina galimoto ikuoneka zina amayamba kuganiza kuti inagubuduzika.

Komanso kala inalembedwa mu blue book. Mukasintha muyenera kupita ku Road Traffic kuti akasinthe mu system, ndipo a inshuwalansi nawo muwadziwitse. Mukapanda kutero mudzavutika kufotokoza pa roadblock chifukwa chimene mapepala akunena yoyera pamene inu mwakwera yakuda, ndipo pa boda ya Mwanza kapena Dedza ndiye nkhani yake imatalika. Zomata zija amati wrap nazonso ngati zasintha maonekedwe a galimoto yonse kafunseni kaye ku Road Traffic musanamate, ndipo amene akukumatirani akuuzeni kuti pulasitiki yakeyo imapirira zaka zingati padzuwa, chifukwa yotchipa ikauma pochotsa imanyamula ndi clear yemwe makamaka pamalo pamene panapoperedwapo kale.